Magolovesi a Kumtunda ndi a Kuchigwa

Ine ndimagulitsa tiyi ndi nthochi zootcha pakona pomwe msewu wochokera ku Tukuyu umayamba kutsetsereka kulowera ku Kyela, minda ya tiyi itatha, ya koko isanayambe. Pamalo pangapa nyengo ziwiri zimagundana mitu. Kumtunda kumakhala nkhungu ndi mvula yosadziwa mwezi, kumunsi dzuwa lofuna kukuwotcha ndi malaya omwe. Ndakhalapo nthawi yaitali moti anyamata a bodaboda, aja a kabaza wa njinga zamoto, ndimawadziwa ndi kulira kwa njinga zawo, ndipo ambiri a iwo sindiwakonda. Ndi aphokoso, kapu imodzi amamwa atatu, ndiponso andiphera nkhuku zingapo.

Ambakisye Mwalwisi yekha ndiye ndinakhala naye zaka osakangana, chifukwa mkangano umafuna anthu awiri olankhula. Ndi munthu wamtali, woonda, wa imvi zapatalipatali. Ntchito yake ndi kutolera mkaka m'midzi ya m'mphepete mwa phiri la Rungwe, kuumangirira m'zigubu kumbuyo kwa njinga yamoto, n'kutsika nawo kukagulitsa m'malesitilanti a ku Kyela. Pasiteji pomwe anzake amakhala n'kumaimbira likhweru akazi odutsa, iye sakhalapo. Mkazi wake anapita ku Dar es Salaam kukathandiza mwana wawo amene anali atangobereka, ndipo sanabwerenso. Sanayambane, ukwati sunathe, koma mdzukuluyo pano ali pasukulu ndipo mayi akuthandizabe. Ambakisye amadziphikira, amadzichapira, ndipo ukamufunsa za kunyumba amangoti, "Kuli bwino."

Pamene ndinkamudziwa kumene, m'manja ankavala masokosi, pamwamba pake majumbo omanga ndi mphira. Atatopa nazo anapeza magolovesi a mphira, aja amavala opopera mankhwala m'minda ya tiyi. Madzi sankalowa, inde, koma akafika kuchigwa thukuta linkadzaza mkati, zala n'kuchita makwinya ngati za munthu wochapa tsiku lonse. Kenako anagula a m'kaunjika, onenepa, ochokera kumaiko ozizira. Amenewa sanathe nawo sabata. Ali pano anagwira injini kuti afunditse manja, monga amachitira onse, ndipo nsalu ija inasungunuka n'kumata pomwepo. Fungo lake linandithawitsira makasitomala.

Chimene chinamutsegula maso ndi m'mawa wina wa mvula. Zala zinauma ndi kuzizira, zinakana kufinya buleki, ndipo anadutsa pakona panga ngati sakundidziwa, n'kukathera m'nthochi za aneba. Iye anatuluka ndi zikhatho zosupuka. Mkaka wonse unatayika, agalu a m'mudzi muno n'kudya Khirisimasi mwezi wa Epulo.

Mabala atapola anapita kwa Mzee Kibona, mdala amene amagulitsa zipewa, majekete ndi magolovesi mu msika wa Tukuyu, komanso amasoka zikopa. Zimene zinachitika kumeneko anandiuza ndi Mzee mwini wake, munthu wosadziwa kufupikitsa nkhani.

"Ndikufuna osalowa madzi, ofunda, koma osatentha kuchigwa," anatero Ambakisye. "Otchipa."

"Usaiwale kufunanso oti azikuphikira," anatero Mzee. "Mwana wanga, chimene chikutsekera mvula chikutsekeranso mphepo. Amene ukunenawo alipo, amavala azungu oyendera dziko aja, koma mtengo wake ndi thole."

Anamuonetsa mitundu iwiri. Oyamba anali akuda, achikopa, okhala ndi kansalu kofunda mkati, zolimba pa mfundo za zala, ndi mkono wautali wophimba jekete, womanga ndi kalamba kuti asavuke munthu akagwa. Pansi pa tebulo lake Mzee amasunga ndowa ya madzi.

"Vala, viika, unene Atate Wathu wa Kumwamba," anatero. "Ukafika pa amen zala zili zouma, ndi enieni. Ukatero finya chogwirira cha ndowa ngati buleki. Ngati sukuchimva m'manja, asiye. Magolovesi okubisira buleki ndi bokosi la maliro."

Enawo anali ofiirira, opepuka, a timabowo pamwamba kuti mphepo izilowa, achikopa m'chikhatho mokha. Ndalama za Ambakisye zinkakwana peyala imodzi. Anaima pamenepo, dzanja lina lakuda, lina lofiirira, mpaka wina anayamba kuseka kumbuyo kwake. Anali munthu wamfupi wa mpata m'mano, atakhala pa thumba la mpunga.

"Achimwene, inu mumatsika nthawi yanji?"

"M'mawa."

"Kubwerera?"

"Madzulo."

"Ndiye mavuto anu ndi anga, kungoti anga ndi ozondoka. Ine ndimachokera ku Kyela, ndimakwera m'mawa ndi mpunga wopita ku Kiwira, n'kutsika madzulo. Tabweretsani dzanja."

Anagundanitsa zikhatho, ndipo zinali zofanana ngati za mapasa.

"Basi. Inu gulani akudawa, ine ofiirirawa. Tizikumana pakati."

Mzee Kibona mpaka lero amadandaula kuti akanagulitsa mapeyala anayi, anagulitsa awiri.

Pakati pake panali pakona panga. M'mawa Ambakisye ankatsika atavala akuda, wamfupi uja n'kukwera atavala ofiirira. Ankaimika njinga zawo pafupi ndi benchi langa, kuvula, kusinthana, kumwa tiyi, aliyense n'kupitiriza ulendo. Madzulo ankakumananso n'kubwezerana. Motero akuda aja sanaonepo Kyela, ndipo ofiirira sanaonepo Tukuyu. Wina akachedwa mnzake ankadikira, chifukwa panalibe kuchitira mwina.

Maina sanafunsane. Wamfupiyo ankamutcha Ambakisye kuti Wamkaka, iye n'kumamutcha Wampunga, nanenso ndinangotengera pomwepo. Tsiku lina ndinawafunsa ngati anapatsana manambala a foni.

"Nambala ya chiyani, Mama Tusa, munthu ndimamuona kawiri patsiku?" anatero Wampunga. "Mkazi wanga amene sindimuona chonchi. Ndiponso awa ndikawaimbira ayankhula chiyani? Ndingowononga mayunitsi kumvera kupuma."

Wampunga ankalongolola ngati wailesi. Ankadziwa amene wakwatira, amene wathawa ngongole, ndi mtengo wa usipa kunyanja. Akamavala akuda aja ankawanunkhiza kaye.

"Achimwene, manja anuwa! Kodi ng'ombezo mumazikama kapena mumagona nazo?"

"Anu anunkha usipa," ankatero Ambakisye.

Tsiku lililonse yankho linali lomwelo, ndipo tsiku lililonse Wampunga ankaseka ngati walimva koyamba. Mawu atatu amenewa ndiwo anali macheza a Ambakisye a tsiku lonse, koma ndinkaona kuti akamachoka mapewa ake amakhala atatsika.

Magolovesi akudawo anali ndi malamulo ake, ndipo wowasunga anali Ambakisye. Osagwira nawo injini. Osawayanika pamoto, chifukwa chikopa chimauma n'kung'aluka. Lamlungu ankawapaka mafuta a ng'ombe. Chala chachikulu chakumanzere chitayamba kusomphoka, anachisoka yekha ndi ulusi wobiriwira wa pathumba la mpunga. Ine ndinawauza kangapo kuti asonkhe ndalama aliyense akhale ndi zake, chifukwa fodya wako ndi amene ali pamphuno. Wampunga ankangoti mawa. Ambakisye anandiyankha kamodzi kokha, mnzake atapita, maso ali mu kapu.

"Amene wavula mnzako amakhala ofunda," anatero.

Zinayenda choncho mvula zingapo. Ndinazolowera kuika makapu awiri pambali ndikangomva zigubu zikugundana kumtunda.

Tsiku limene zinasokonekera kunali mvula yamawawa kuyambira m'mawa. Anasinthana monga mwa masiku onse. Wampunga anakwera ndi matumba ake atavala akuda, akufuula kuti ndimusungire nthochi yopsa bwino. Madzulo Ambakisye anafika kuchokera kuchigwa, anaimika njinga, anavula ofiirira n'kuwaika pa benchi. Anamwa tiyi. Anamwanso wina. Nthochi ija inazizira. Nditayamba kuzimitsa mbaula anaimirira, anavalanso ofiirira aja, n'kukwera nawo kulowa mu mvula.

M'mawa mwake anafika zala zili mbuu. Wampunga sanabwere. Madzulo chimodzimodzi, ndi tsiku linalo, ndi linzake.

Anyamata a bodaboda atamva, anapeza chosekera.

"Mdala, mwaberedwa masana dzuwa likuswa mtengo!" anatero wina wotchedwa Gwamaka, amene ndimamuda kwambiri pa onsewo. "Inu munagula odula, iye otchipa, ndiye mumati zitha bwanji? Pano akudawo ali pa msika ku Mbeya."

"Iwe, imwa tiyi wako uzipita," ndinatero.

"Ndikunena zoona, Mama. Anthu a kuchigwa ukawapatsa moni uziwerenga zala."

Tsiku lomwelo Ambakisye, atatsitsa mkaka, anapita pasiteji ya ku Kyela kukafunsa, chinthu chimene kwa iye chinali ngati kukwera phiri. Anandiuza pobwerera.

"Ndati ndikufuna Wampunga. Akuti kuno aliyense ndi wampunga."

"Simunamufotokoze?"

"Ndati wamfupi, wolongolola. Akuti ndiye tonsefe."

"Nanga kuchipatala?"

Anapukusa mutu. "Ndikafunse ndani? Kumeneko amafuna dzina." Kenako anawonjezera, "Wampunga sagwa."

Kunena zoona, nkhani yoti wa bodaboda wagwa kuno timaimva ngati moni, ndipo palibe amene anamva za ngozi pamsewu wa tala tsiku lija. Inenso ndinayamba kuganiza ngati Gwamaka, ngakhale sindinafune kumupatsa ulemu wovomereza.

Mvula ya chaka chimenecho inali yopanda chisoni. Magolovesi a timabowo aja ankamwa madzi ngati chinkhupule, mphepo ya kumtunda n'kumalizitsa. Manja a Ambakisye anatupa, mfundo za zala zinang'aluka n'kumatuluka magazi. Kapu ankainyamula ndi zikhatho ziwiri. Anayamba kuyenda pang'onopang'ono poopa buleki, mkaka n'kumafika mochedwa, ndipo lesitilanti ina inamusiya n'kutenga mnyamata wina. Koma pakona sankalephera kuima. M'mawa ankadikira akuyang'ana kumunsi, madzulo akuyang'ana kumtunda, ndipo njinga iliyonse yonyamula matumba inkamudzutsa pa benchi.

Madzulo ena a Lachisanu kunagwa matalala. Tinabisala tonse pansi pa malata anga. Atangosiya, kunatsika galimoto ya maliro kuchokera kumtunda, nthambi zili kutsogolo, amayi kumbuyo akuimba atafunda zitenje zonyowa. Ambakisye anaimirira, anavula chipewa, n'kuweramitsa mutu mpaka inapitirira, monga timachitira tonse. Kenako anakhalanso pansi n'kupitiriza kuyang'ana msewu wa kumtunda.

Ndinamumvera chisoni, ndipo chisoni changa chimatulukira m'kalipa.

"Bambo inu, ndalama mulibe kodi?"

"Zilipo."

"Ndiye mukudikira chiyani? Zala zigwe? Pitani kwa Mzee Kibona mukagule ena."

"Ndikagula, akabwera tisinthana chiyani?"

"Akabwera liti? Masabata awiri atha!"

"Ndikagula ndiye kuti ndavomera zonena Gwamaka."

Apo ndinamva pomwe panali bala. Kwa iye kupita kwa Mzee Kibona kunali kumutcha mnzake wakuba, ndiponso kuvomera kuti munthu mmodzi yekha amene ankamudikira padziko pano anangofuna chikopa. Anafika poti akalowa mu msika wa Tukuyu kukagula mchere ankazungulira kumbuyo, kwa ogulitsa nyemba, kuti asadutse pa tebulo la Mzee.

Zinatha m'mawa wina pamene buleki inamukananso. Ulendo uno sanakathere m'nthochi za aneba. Anagunda benchi langa, ketulo inagubuduka, madzi otentha n'kutayikira pomwe ndinali nditangochoka. Iye anagwera chammbali, zigubu pamwamba pake. Nditaona kuti ali moyo, ndinamutsanulira zonse zimene ndinasunga zaka zonsezo.

"Mukufuna kufa, kafereni kwanu! Pano ndi pa bizinesi! Munthu wamkulu, wa mdzukulu, kuphetsa anthu chifukwa cha kamunthu kamene simukadziwa ndi dzina lomwe!"

Anakhala m'matope akuyang'ana zala zake. Ndinaitana aneba kuti andionere malo, ndinamanga chitenje, n'kuwauza anebawo kuti mkaka wotsalawo augulitse pomwepo kwa aliyense wodutsa. Dzuwa litakwera pang'ono, zala zitayamba kumumvera, ndinakwera kumbuyo kwa njinga yake.

"Tiyeni ku Tukuyu. Mukakana ndikuitanirani apolisi."

Pa tebulo tinapeza akazi a Mzee Kibona, eni ake atapita kukadya. Anatulutsa magolovesi osiyanasiyana, atsopano ndi a kaunjika. Ambakisye anayesa onse, ndipo onse anawapezera chifukwa. Awa msoko uli mkati, uzindipweteka. Awa ndi pulasitiki yonamizira chikopa. Awa alibe kalamba. Peyala ina inali yabwino ndithu, ndinaona ndi maso anga. Anaviika m'ndowa, ananena Atate Wathu yense, zala zinatuluka zouma, chogwirira anachimva. Anaivula n'kuiika pa tebulo.

"Ndi yozizira," anatero.

Ndinatsala pang'ono kumuthira ndowa ija kumutu. Nthawi yomweyo Mzee Kibona anatulukira akutokosa m'mano. Atamuona Ambakisye anaima, kamtengo n'kugwa pansi.

"Iwe! Wamkaka! Unali kuti masiku onsewa?"

Anawerama pansi pa tebulo, kuseri kwa ndowa, n'kutulutsa jumbo yakuda yomanga pakamwa. Anaimasula. Munali magolovesi akuda aja, ulusi wobiriwira uli pa chala chakumanzere. M'zikhatho zonse ziwiri munali zigamba zatsopano za chikopa, ndipo zolimba za pa mfundo zija zinali zitapalika mpaka kuyera.

"Khala pansi, mwana wanga," anatero Mzee. "Nanunso Mama."

Mzee anatiuza kuti Wampunga tsiku lija sanathere ku Kiwira. Anapatuka kukasiya thumba limodzi kumudzi wina wa kumtunda, pa msewu wadothi. Potsika, pamalo poterera, anakumana ndi lole ya matabwa. Anthu a kumeneko anamutola n'kubwera naye kuchipatala cha ku Tukuyu, msana ndi nthiti zitathyoka. Patapita masiku mlongo wake, amene ankamudwazika, anabwera ndi jumbo ija kwa Mzee.

"Anati mchimwene wake wamutuma. Akuti ndisoke, ndikatero ndimupatse Wamkaka wa pakona. Akuti umukhululukire wakuwonongera katundu, ndipo ubwere udzamuone, ali ndi nkhani zambiri zaunjikana."

"Ndiye inu munangokhala nazo?" ndinatero. "Osatuma munthu?"

"Ndinatuma, Mama. Mnyamata anabwerako, akuti kona iti? Msewu uwu ndi makona okhaokha."

"Pogulitsa nthochi!"

"Onse amagulitsa nthochi. Wodwalayo mawu ankatuluka movuta, mlongo wakeyo msewu saudziwa. Ndiye ine ndinati musavutike, ndi mvula iyi manja amubweretsa okha. Palibe munthu angapirire masiku atatu ndi a timabowo aja." Anayang'ana zala za Ambakisye, n'kupukusa mutu. "Ine anthu ndimawayeza manja. Mitima sindiyeza."

"Ali wodi iti?" anafunsa Ambakisye. Anali ataimirira kale.

Mzee anayang'ana pansi, ndipo ine ndinadziwiratu.

"Anapirira pafupifupi masabata awiri. Anatsika naye kwawo Lachisanu lija la matalala."

Ndinamuyang'ana Ambakisye, iye n'kundiyang'ana. Tonse tinakumbukira galimoto ya nthambi ija.

Mzee, posadziwa kusiya nkhani pamene yathera, anapitiriza. Anati wodi ya amuna inayang'ana kumsewu, ndipo mlongo uja ankanena kuti m'mawa uliwonse, kukamveka njinga ya zigubu zogundana ikudutsa, wodwalayo ankati, "Ndi uyo, akupita kukandidikira." Ankamutuma kuti athamange akamuimitse, koma pofika pageti njinga inali itapita. Anatinso madokotala anadabwa kuti thupi lonse linali mabala koma manja analibe ndi kachilonda komwe.

"Katundu wanga sanama," anatero Mzee, kenako anachita manyazi n'kuyamba kupinda jumbo ija.

"Dzina lake anali ndani?" anafunsa Ambakisye.

"Asajile. Asajile Mwakatobe, wa ku Ipinda."

Ambakisye analitchula pang'onopang'ono, kawiri, ngati munthu wolawa chakudya chachilendo. Anafunsa mtengo wa zigamba, Mzee anakana kulandira. Pobwerera mvula inatipeza panjira. Iye anali atavala akuda aja, ndipo buleki inkamumvera bwinobwino. Ine kumbuyo ndinalira mpaka pakona, ndipo sindinabise.

Lamlungu lotsatira anatsika ku Ipinda ndi shuga ndi chigubu cha mkaka. Ndi dzina m'manja, nyumba anaipeza mosavuta. Anandiuza kuti mkazi wa malemuyo atangomuona anati, "Ndinu Wamkaka," chifukwa mwamuna wake ankamutengera kayendedwe ndi kayankhulidwe madzulo aliwonse kuti aseketse ana. Ana onse ankadziwa kunena kuti anu anunkha usipa. Ambakisye anafuna kubweza magolovesi ofiirira aja, mayiyo anakana. Anati njinga inali ya bwana ndipo anaitenga kale, ndiye iwo awavala pa chiyani.

Motero Ambakisye anakhala ndi mapeyala onse awiri, a mvula ndi a dzuwa, monga ndinkamulangizira. Manja anapola. Lesitilanti ija inamutenganso. Gwamaka anabwera kudzapepesa mwa njira yake, pomugulira nthochi ziwiri osanena kanthu. Akanatha kumanyamula peyala inayo m'thumba la jekete n'kumasinthira paliponse, koma anakhoma msomali pa mtanda wa malata anga. M'mawa amavula akuda n'kuwakoloweka, kutenga ofiirira. Madzulo amakoloweka ofiirira, kutenga akuda. Tiyi amamwa ataimirira.

Chimene ndinkaona ndi momwe ankazengerezera povala. Ankalowetsa zala pang'ono, kuima, kenako kulowetsa zonse ngati munthu wolowa mu mtsinje m'mawa. Tsiku lina ndinawasendeza akuda aja pafupi ndi mbaula kuti awapeze ofunda. Anakwiya, koyamba chimudziwireni.

"Moto umawononga chikopa, Mama Tusa. Ndinanena kale."

Ndinawabwezera pa msomali. Koma nkhaniyo sinandichoke mumtima. Madzulo ena a nkhungu, nthawi yake itayandikira, ndinasamba m'manja, ndinawatsitsa, n'kuwavala ineyo. Anali aakulu, zala zanga zinkasambira mkati. Ndinakhala nawo choncho, makasitomala akundiseka kuti ndagula njinga, mpaka ndinamva zigubu zopanda kanthu zikugundana kumunsi. Ndinawavula msanga n'kuwakoloweka.

Anafika, anaimika njinga, anakoloweka ofiirira, anatenga akuda. Atangolowetsa dzanja anauma thupi lonse. Anatembenuka mofulumira kuyang'ana msewu wa kumtunda, kenako kuseri kwa malata, pomwe Wampunga ankakonda kuimika njinga. Nkhope yake nthawi imeneyo sindifuna kudzaionanso pa munthu wina aliyense. Pamapeto pake maso ake anafika pa manja anga.

Anavala dzanja linalo, anamanga timalamba tonse tiwiri, n'kuima kanthawi zikhatho atazifumbata.

"Zikomo, Mama Tusa," anatero. "Koma musadzachitenso."

Tiyi sanamwe tsiku limenelo. Analiza njinga n'kulowa mu nkhungu. Sindinachitenso, ndipo mpaka lero amawapeza pa msomali ali ozizira.